Mutu 6: Dzanja la Rabeka

1. Lamulo la pachipata

Ennie Kachingwe anali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene anachoka kwawo ku Pfupajena, m'tawuni ya Chegutu, kukayamba Fomu 1 ku Kadoma. Kumeneko ankakhala ndi mlongo wa bambo ake, Tete Felista, m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Rimuka.

Mtsikanayu anakula ndi zilankhulo ziwiri. Pakhomo akuluakulu ankayankhula Chichewa, popeza agogo ake aamuna anachokera ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito m'migodi. Kumsika ndi kumasewera kunali Chishona chokhachokha. Chingerezi anachiphunzira ku pulayimale, kwa mayi wina amene ankayamba wafotokoza phunziro mu Chishona mpaka ana onse atamva, kenako n'kulibwereza mu Chingerezi.

Ku sukulu yatsopanoyi zinthu sizinali choncho. Ukangolowa pachipata, pakamwa pako pankayenera kutuluka Chingerezi basi, kaya m'kalasi, kaya pabwalo, kaya pamzere wotunga madzi. Wogwidwa koyamba ankazula udzu. Wogwidwa kachiwiri ankapatsidwa kalata yopita kwa makolo. Wogwidwa kachitatu ankabwezedwa kunyumba masabata awiri, ndipo ngati anali wophunzira mothandizidwa ndi mpingo, monga analili Ennie, malo ake ankapatsidwa kwa mwana wina.

Pofika mwezi wa Okutobala, Ennie anali atagwidwa kawiri. Maulendo onsewo anagwidwa chifukwa cha Rabeka.

Rabeka anabwera pakati pa chaka. Kwawo kunali ku Angoniya, ku Mozambiki, ndipo bambo ake, a Nowa, ankagwira ntchito pafamu ya fodya cha ku Ngezi. Mpingo unamupezera malo chifukwa cha masamu, amene ankawakhoza kuposa aliyense m'kalasimo. Koma Chishona ankachimva patalipatali, ndipo Chingerezi chinkangomudutsa m'makutu. Tsiku lake loyamba anagwetsa bokosi la mapensulo n'kunong'ona m'Chichewa kuti, "Mayo ine!" Ennie anamva, natembenuka, ndipo ubwenzi wawo unayambira pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo Ennie ankamunong'oneza zimene aphunzitsi anena. Choncho anazula udzu, ndipo kenako kalata inabwera.

2. Mawu a Tete Felista

Tete Felista anawerenga kalatayo atangoweruka kumsika, kumene ankagulitsa tomato ndi anyezi. Anaipinda bwinobwino, naiika patebulo, nauza Ennie kuti akhale pansi.

"Mwana wa mlongo wanga, tandimvera. Ine ndinaphunzira pasukulu ya pafamu. Aphunzitsi athu anali anthu achifundo, chilichonse ankatiuza mu Chishona. Tinkamva bwino ndithu, tinkaseka, tinkayankha. Koma mayeso atabwera, sanabwere mu Chishona ayi.

"Nditakula ndinapita kukafunsira ntchito yothandiza odwala. Ndinachapa diresi, ndinabwereka nsapato. Patebulo panali amayi atatu. Funso loyamba ndinalimva, yankho ndinali nalo, koma linali m'Chichewa. Pamene ndinkalisandutsa Chingerezi, linandifera pakhosi. Mayi mmodzi anayang'ana wotchi yake. Ndinatuluka, ndipo mpaka lero ndili pa tomato.

"Lamulo la sukulu yakoyo si nkhanza. Chilankhulo chimalowa ukamachimva tsiku lonse, popanda kothawira. Taona iwe mwini mmene ukuyankhulira tsopano. Mu Januwale unkatero? Ndiye mnzakoyo ukamamutafunira chilichonse, adzaphunzira liti? Ukuyesa ukumuthandiza, koma ukumuchedwetsa, ndipo iwe ukudziponya kunja. Bambo ako amakumba golide m'maenje ndi manja, mayi ako amachapira anthu. Ukachotsedwa pamenepa, ulowera kuti? Kuyambira mawa, khala naye patali."

"Ndazvinzwa, tete," anayankha Ennie mu Chishona, kutanthauza kuti wamva, monga ankachitira nthawi zambiri akuluakulu akamuyankhula Chichewa.

M'mawa mwake anasamukira padesiki ina. Rabeka anamutsatira ndi maso.

3. Lachinayi m'labotale

Patapita masabata awiri, Lachinayi masana, kalasi yonse inalowa m'labotale. Mphunzitsi wa sayansi, Bambo Gwatidzo, anagawa ana anayianayi patebulo lililonse. Ennie ndi Rabeka anapezeka pa tebulo limodzi, moyang'anana.

Phunziro linali lowiritsa madzi amchere m'kambale mpaka madziwo ataphwa n'kutsala mchere wokha. Tebulo lililonse linalandira kanyali ka sipiliti, ndipo pashelefu ya pambali panali botolo la sipiliti wowonjezera.

Bambo Gwatidzo anachenjeza mu Chingerezi, ndipo anabwereza katatu. Anati moto wa sipiliti suoneka bwino kukawala, kotero munthu angayese wazima pamene ukuyaka. Anati wina aliyense asayerekeze kuthira sipiliti m'kanyali popanda kuwaitana iwo. Atafunsa ngati onse amva, kalasi inayankha pamodzi kuti inde. Rabeka nayenso anayankha kuti inde, chifukwa anali atazolowera kutero onse akatero.

Dzuwa linkalowa pamawindo onse. Patapita kanthawi, madzi a patebulo la Ennie ndi Rabeka anasiya kubwadamuka, ndipo pakanyalipo sipankaoneka moto. Anzawo awiri a patebulopo anali kalikiliki kulemba. Rabeka, amene sankakonda kukhala manja lende, anasuzumira kanyaliko, naona kuti sipiliti watsala pang'ono. Anatambasula dzanja n'kutenga botolo lija.

Ennie anaona. Mawu anafika pakamwa pake nthawi yomweyo: usathire, moto ukuyaka! Koma Bambo Gwatidzo anali ataima kumbuyo kwake, akuthandiza tebulo loyandikana nalo, ndipo ngakhale kunong'ona akanamva.

Anameza mawu aja, nayamba kufunafuna a Chingerezi. Atawapeza anawanena motsitsa, mwamantha, kuti Rabeka asathire. Rabeka anakweza maso, namuyang'ana, nagwedeza mutu ngati wamva. Kenako anapendeketsa botolo.

Moto unalumpha ndi mkokomo. Unakwera ndi sipiliti uja mpaka pakamwa pa botolo, n'kukuta dzanja lonse lamanja la Rabeka.

"Rabeka, taya! Taya botolo!" anakuwa Ennie m'Chichewa, ndi mawu ake onse.

Botolo linagwa, moto n'kumwazika patebulo. Ana anathawira kukhomo akukuwa, ena mu Chishona, ena akuitana amayi awo. Bambo Gwatidzo anavula jekete, nakulunga nalo dzanja la Rabeka, namukokera pampopi. Mphunzitsi wina anabwera ndi ndowa ya mchenga n'kuzimitsa patebulo. Tsiku limenelo palibe amene analembedwa dzina chifukwa cha chilankhulo.

Rabeka sanalire mokweza. Ankangonena kuti, "Amayi, amayi," madzi akuyenderera pa zala zake zimene khungu linali litayamba kusupuka. Galimoto ya sukulu inamutengera kuchipatala.

4. Zimene kalasi inauzidwa

Lachisanu m'mawa Bambo Gwatidzo analowa m'kalasi dzanja lawo lamanzere lili ndi bandeji. Ankaoneka otopa. Anati Rabeka wagonekedwa, koma moyo wake uli bwino, ndipo zala ziwiri ndi zimene madokotala akuziyang'anitsitsa.

"Izi ndi zotsatira za kusamvera," anatero mu Chingerezi. "Ndinanena katatu. Nonse munamva, si choncho?"

"Inde," inayankha kalasi.

Ennie anayang'ana padesiki. Ataweruka anapempha Tete Felista kuti amulole akaone makolo ake ku Chegutu, nakwera kombi, minibasi ya kumeneko, madzulo omwewo.

5. Sekuru Zefaniya

Loweruka m'mawa bambo ake anali atapita kale kumaenje, mayi ake kukachapa. Pakhomo panali agogo ake okha, Sekuru Zefaniya, atakhala pansi pa mtengo wa gwafa akumata chubu cha njinga. Anali munthu wowonda, wachifuwa chosatha chimene anachitenga kumgodi.

"Dzulo sadza unangoigwiragwira," anatero osakweza mutu. "Ku Kadoma akukudyetsani chiyani chimene chakuiwalitsa chakudya cha mayi ako?"

Ennie anayamba kuyankha mu Chishona, koma mawu anamuthera. Anakhala pansi pafupi nawo, nafotokoza zonse m'Chichewa, kuyambira pa kalata mpaka pa botolo. Sanabise kuti anaona, ndiponso kuti mawu oyenera anali nawo.

Sekuru anaika chubu pansi. Anatsokomola nthawi yaitali asanayankhe.

"Tete wako sananame, ndiyambe ndi pamenepo. Chingerezi chigwire ndi manja awiri. Ine ndinadinda chala pamapepala ambiri osadziwa zimene akunena, ndipo ena mwa mapepala amenewo ndi amene anandisiya ndi chifuwachi popanda wondifunsa. Sindifuna mdzukulu wanga adzadinde chala.

"Koma tamvera za kumgodi. Tinalipo a mitundu yonse, ochokera ku Nyasalandi, ku Tete, ku Zambia, ndi eni dziko kuno. Pansi pa nthaka tinkayankhula Chilapalapa, chilankhulo cha ntchito chimene sichinali cha munthu aliyense. Ndinafika osadziwa ngakhale liwu limodzi. Ukudziwa zimene ankachita? Munthu watsopano ankamuika pambali pa munthu wakwawo miyezi itatu. Kapitawo akakuwa kuti basopa, wakwanuyo ankakuuza kuti akuti samala, denga likusweka, thawira uku. Mawa ukamvanso basopa, sufunanso womasulira. Umu ndi mmene tinaphunzirira, ndipo tinaphunzira msanga.

"Eni mgodi sanali anthu achifundo, Ennie. Sankachita zimenezi chifukwa chotikonda. Ankadziwa kuti munthu amene sakumva amafa, ndipo amafa ndi anzake. Kunabwera bwana wina wachinyamata amene anati zimenezi zikuchedwetsa ntchito, aliyense aphunzire yekha. Mwezi usanathe tinatulutsa mnyamata wa ku Ntcheu pamachira, mwendo utaphwanyika. Anamva kukuwa, koma m'malo mothawa anatembenuka kuti aone chimene chikunenedwa."

Ennie anayamba kulira. Sekuru sanamutonthoze.

"Lira, palibe choipa. Unachita mantha, ndipo amene anakuika m'mantha amenewo ndi akuluakulu, si iwe. Koma pakamwa panali pako. Zimenezo uzikhala nazo, sindingakuchotsere. Dzanja lapsa kale. Chimene chatsala tsopano ndi dzina la mwanayo. Akumutcha wosamvera, pamene iye sanamve n'komwe. Kusamvera ndi kusamva ndi zinthu ziwiri, ndipo m'kalasi monsemo amene akudziwa kusiyana kwake ndiwe wekha."

"Nanga akandichotsa sukulu, sekuru?"

"Angathe kukuchotsa. Sindikunamiza kuti sangatero. Ine sindikutuma, chifukwa amene akavutike ndiwe, osati ine. Ndangokuuza mmene zinthu zilili."

Anatolanso chubu chija, nachiviika m'beseni la madzi kufuna pamene pankatuluka mpweya.

6. Mu ofesi ya Mayi Marufu

Lolemba, phunziro lachiwiri lili mkati, Ennie anaitanidwa ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu, Mayi Marufu.

Atalowa anapeza Bambo Gwatidzo ataima pafupi ndi windo. Pabenchi panakhala Rabeka, dzanja litakulungidwa mpaka m'chigongono. Pambali pake panali bambo wamtali wovala majombo a kumunda, chipewa chili pamaondo. Amenewa anali a Nowa.

Mayi Marufu anali mayi waudongo, wa mawu odekha. Anauza Ennie mu Chingerezi kuti ayesa kukambirana ndi bambowa mu Chingerezi ndi mu Chishona momwe, koma sakumvana bwino.

"Ndamva kuti iwe umayankhula chilankhulo chawo. Kwa lero lokha ndakuloleza. Uwauze kuti sukulu ili ndi chisoni. Uwauzenso kuti mwana wawo anachenjezedwa katatu koma sanamvere, ndipo pepala ili likunena zimenezo. Asayine pansipa, kenako Rabeka akachira apitirize maphunziro."

Ennie anagwada pang'ono kupereka ulemu kwa a Nowa.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Nkhope ya a Nowa inamasuka atamva Chichewa. "Ndadzuka, mwanawe. Ndiwe Ennie eti? Rabeka amakutchula kawirikawiri. Tandiuza, akuti chiyani amayiwa?"

"Akuti sukulu ili ndi chisoni. Akuti Rabeka anachenjezedwa katatu koma sanamvere, ndipo pepalali likunena zimenezo. Akuti musayine."

A Nowa anatembenukira kwa mwana wawo. "Rabeka, zoona? Unauzidwa n'kuchita dala? Ine kuchoka pa ntchito nthawi yooka fodya ino, kubwera kudzamva kuti ndiwe wamwano?"

Rabeka anaweramitsa mutu. A Nowa anapukuta dzanja pa buluku, natambasula kuti alandire cholembera.

"Dikirani, bambo," anatero Ennie. "Zimene ndanenazo ndi za amayiwa. Tsopano ndinene zanga. Aphunzitsi anachenjezadi katatu, koma mu Chingerezi. Rabeka sanamve. Kale ndinkamumasulira, koma ndinasiya chifukwa ndinagwidwa kawiri. Tsiku limenelo ndinamuona akutenga botolo. Ndikanamuuza m'Chichewa akanasiya, koma ndinaopa kuchotsedwa sukulu."

A Nowa anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono.

"Ukuwauza chiyani nthawi yonseyi?" anafunsa Mayi Marufu.

Ennie anatembenuka, nabwereza zonse mu Chingerezi, liwu ndi liwu, osaphonya. Chinali Chingerezi chabwino, chimene anachiphunzira pasukulu pomwepo.

Bambo Gwatidzo ndi amene anayamba kuyankhula.

"Koma ndinafunsa ngati onse amva. Iyenso anayankha."

"Amayankha nthawi zonse, aphunzitsi. Amaona milomo yathu," anatero Ennie.

Bambo Gwatidzo anayang'ana bandeji ya padzanja lawo.

Mayi Marufu anavula magalasi. "Ennie, sukulu ino yatulutsa anamwino ndi maloya kuchokera m'nyumba zonga yako, ndipo lamulo limeneli ndi limene lawafikitsa kumeneko. Makolo amabweretsa ana kuno chifukwa cha lamulo lomweli. Ukudziwa kuti zimene wanenazi zikuika pamavuto aphunzitsi ako, sukulu, ndi iwe wemwe?"

"Ndikudziwa, amayi."

"Chiyambireni kulandira kalata ija, ndani wakhala akumufotokozera maphunziro?"

"Palibe."

Mayi Marufu anayang'ana Rabeka kwa nthawi ndithu. Kenako anatenga pepala lija n'kuliika m'dirowa.

"Nkhaniyi yandikulira ndekha. Lachitatu komiti ya sukulu ikumana, ndipo iwe ukanena zimenezi pamaso pawo. Ndiimbira tete ako pompano. Uwauze bambowa kuti adikire mpaka tsikulo."

Ennie anamasulira. A Nowa anaimirira, navala chipewa m'nyumba momwemo.

"Uwauze amayiwa kuti ndawamva. Mwana wanga ndinamubweretsa kuno ali ndi manja awiri abwino. Ndinkati akaphunzira sadzagwira fodya ngati ine. Lero ngakhale fodyayo sindikudziwa ngati adzamugwira. Ndikupita naye. Za Lachitatuzo akambirane okha, poti chilankhulo chake ndi chawo."

7. Pachipata

Ennie anawatsatira mpaka pachipata. A Nowa anatsogola kukaima pamsewu kudikira kombi, ndipo atsikana awiriwo anatsala okha.

"Rabeka, pepa."

Rabeka anagwirizira dzanja lake lodwala ndi linzake. Sanaoneke wokwiya, ankangooneka wotopa.

"Tsiku lija unandiyankhula, Ennie. Masabata awiri unali usanandiyankhule, ndiye nditamva mawu ako ndinasangalala. Pa zonse unanenazo ndinagwirapo liwu limodzi, lija lotanthauza kuthira. Ndinayesa ukuti ndithire."



"Ndinathira chifukwa unanena ndiwe," anatero Rabeka.

Kombi inaima, a Nowa anaitana, ndipo Rabeka anakwera mosamala kuti dzanja lisagunde chitseko. Sanasuzumire pawindo.

Ennie anaima pomwepo mpaka kombiyo itakhota. Pamene ankatembenuka kuti abwerere m'kalasi, anaona mayi akubwera chakumsika, akuyenda mothamanga, epuloni ya pa tomato ikadali m'chiuno ndipo foni ili m'manja. Anali Tete Felista.